Anati Ndi Ndulu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo awo a asing'anga a Chathukutty, amenenso anali asing'anga, anandigwira pamkono, natsinzina, nauza mayi anga kuti mwana uyu ndi wa ndulu. Basi, mlandu unathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero, pamene ndapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, akuti sindinakwiyepo chifukwa choti wina wandilakwira. Ndikakwiya, ndi ndulu. Wogulitsa nsomba akandipatsa zoola, ndi ndulu. Malemu amuna anga atagulitsa ng'ombe yanga osandiuza, anthu anangoti, "Mpatseni madzi a kokonati Bhargavi, ndulu yakwera."

Kwathu kuno aliyense amalidziwa thupi lake. Alipo a vata, anthu a mphepo, owonda, a khungu louma, olankhula zambiri n'kuiwala zonse. Alipo a kafa, a makhololo, onenepa, ofatsa, oti denga likamagwa amayamba amaliza tiyi. Ndiye ife a pita, a ndulu, otentha thupi, a imvi zofulumira ndi njala yosadikira. Sindikutsutsa ayi. Imvi zinandimera ndili ndi zaka makumi atatu, ndipo chakudya chikachedwa musandiyandikire. Chimene ndimakana n'chakuti wa mphepo akalira amamufunsa chamuvuta, wa makhololo akakhala khuma amamufunsa, koma ine ndikangotsegula pakamwa anthu amathamangira kokonati.

Mlongo wanga ndi Kuttappan, ndipo ndine wamkulu kwa iye ndi zaka zinayi. Anachedwa kulira pobadwa, ndiye nzeru zake zinaima pa msinkhu wa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, thupi lokha n'kumapitirira. Mayi akumwalira sanandisiyire munda kapena ndolo zagolide, zimenezo zinapita kwa ena. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Uyu ndi wako." Ndakhala naye zaka makumi atatu ndi zinayi. Womumeta ndevu ndine, womuwenga zikhadabo ndine. Ndimamukalipira, inde, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chifukwa ukapanda kutero angapite kukachisi malaya atavala motembenuza. Koma sanagonepo ndi njala ngakhale tsiku limodzi.

Chaka chatha mwana wanga Sajeevan anabwerako kunja, ku Muscat, n'kudzakhala nafe, iye ndi mkazi wake Sreekala ndi khanda lawo. Tsiku lina, mvula itangoyamba, Kuttappan ananyamula khandalo n'kupita nalo pachitsime kukalionetsa kamba amene amakhala m'madzimo. Analigwira bwinobwino, manja awiri. Palibe chimene chinachitika. Koma Sreekala atawaona anakuwa, Sajeevan anathamanga wopanda nsapato, ndipo madzulo ake nkhani inayambika: akuti kumapiri, ulendo wa mabasi awiri, kuli masisitere amene amasunga anthu ngati amalume ake.

"Anthu ngati ndani?" ndinamufunsa.

"Amayi, tamvani kaye."

"Ndati anthu ngati ndani? Amene ankakunyamula paphewa kukaona njovu kukachisi, iwe ukumukodzera m'khosi, anali ndani? Lero wakwera ndege wayamba kusankha abale?"

"Akanaterereka pamenepaja, amayi, bwenzi tikunena zina."

"Anaterereka?"

Mphika wa nsomba unali m'manja mwanga, ndipo unakathera pakhoma. Ine ndinkayesa kuti nkhaniyo yatha.

Patapita milungu itatu unalowa mwezi wa Karkidakam, mvula yosalekeza ija, nthawi imene aliyense wotha kutero amakatsukitsa thupi. Sajeevan anabwera kukhitchini ndi nkhope yofewa. "Amayi, mawondo anuwo. Ndakaonana ndi asing'anga a Chathukutty, malo alipo, masiku makumi awiri ndi limodzi. Mwatisamalira moyo wonse, inunso musamalidweko." Mawondo ankandipwetekadi, ndipo chibadwire palibe anandiuzapo mawu ngati amenewo. Ndinalira, chitsiru ine. Ndinalembera Sreekala pa pepala nthawi zimene Kuttappan amadya, ndinamuuza mwini wakeyo katatu, mokweza, kuti asayandikire chitsime, kenako ndinanyamula chikwama changa.

Chipatala cha a Chathukutty ndi nyumba yomweyo ya bambo awo, ya khonde lalitali, kuseri kwake kuli miphika yamkuwa yophikira mafuta. Ine ndi a Chathukutty tinali kalasi imodzi. Ndimawakumbukira ali ndi mamina, akulira chifukwa cha samu, koma lero ndi asing'anga ndipo timaimirira akamalowa. Anandigwira pamkono wakumanzere ndi zala zitatu, anandiona lilime, anandikoka chikope.

"Ndulu yafika mpaka m'maso, a Bhargavi."

"Bambo anu ananena kale zimenezo. Ine ndabwerera mawondo."

"Mawondowo ndi nthambi chabe, ife tiyambira kumizu. Muyamba ndi kumwa neyi m'mimba mulibe kanthu, muyezo n'kumakwera tsiku lililonse mpaka thupi litakhuta. Mafutawo amalowa m'minofu n'kumatula zoipa zimene zinakakamira m'menemo. Kenako masiku atatu okupakani mafuta ndi kukuikani m'bokosi la nthunzi, kuti zonsezo zitsikire m'mimba. Zikasonkhana ndikupatsani mankhwala otsegula, zituluke. Koma mukangoyamba palibe kusiyira panjira."

Anawerenga malamulo pa zala zawo zowonda zija. Madzi ozizira ayi. Kugona masana ayi. Mphepo ayi, ulendo ayi, kulankhula mokweza ayi. Foni yanga anaitsekera m'kabati. Lamulo lomaliza analinena akuyang'ana kudenga, lakuti kukwiya n'koletsedwa.

"Muwauze anthu asandikwiyitse," ndinatero.

Neyi wa kukhitchini, mafuta athu oyenga kuchokera ku batala, ndi wonunkhira, timathira pampunga wa ana. Wa asing'anga ndi wina. Amamuphika ndi nimu ndi mizu yowawa mpaka abiriwire. Kukangocha ankandikhazika pampando, kundimanga kansalu m'maso ndi kunditseka mphuno ndi thonje kuti ndisamuone kapena kumununkhiza, kenako kapu m'manja. Tsiku loyamba ndinameza kawiri n'kutha, ndinati kodi zimene zimaliritsa anthu n'zimenezi? Tsiku lachiwiri kanayi. Lachitatu kapu inadzadza. Ukatha kumwa umangokhala pabedi tsonga, kumwa madzi ofunda pang'onopang'ono, kudikira njala yeniyeni imene inkabwera dzuwa litapendeka. Ikabwera, amakupatsa kanji, phala la mpunga lamadzimadzi lopanda chokometsera chilichonse.

Mnzanga wa m'chipinda anali Kochuthresia, mayi wa tchalitchi amene ali ndi shopu ya mabanzi kumsika. Ameneyo ndiye kafa weniweni, bedi linkadandaula akamatembenuka. Nayenso ankamwa neyi, koma ake mapeto anali oti adzamusanzitse.

"Ine anditulutsira kumwamba, inu kumunsi," ankatero. "Tikanakhala munthu mmodzi bwenzi asing'anga atasunga bedi."

Kugona masana ankagona ndithu, chokhala, korona ali m'manja, akagwidwa n'kumati amapemphera. Ine ndinkayang'ana mvula pawindo n'kumawerenga nthawi: tsopano akusamba, tsopano ayenera kudya, tsopano waiwala kutseka khola la mbuzi. Tsiku lachitatu ndinapempha foni. Asing'anga anati Sajeevan waimba, zonse zili bwino.

"Kuttappan akudya?"

"Akudya bwino kwambiri."

Sanandinamize. Zimenezo ndiye zimandipweteka kwambiri ndikakumbuka, kuti anasankha mawu ake mosamala ngati akusankha mizu.

Pofika tsiku lachisanu khungu langa linali noninoni, tsitsi likununkha neyi, ndikageya neyi, ndikangomva kapu ikugunda mbale mtima n'kuchita nseru. M'mawa umenewo ndinamwa kapu imodzi ndi theka, misozi ikunyowetsa kansalu ka m'maso. Cha m'ma teni koloko anafika Sreekala ndi zovala zanga zochapa. Anati khanda walisiya kwa mayi ake. Anandipesa tsitsi, anandifunsa za mawondo, anacheza ndi Kochuthresia za mabanzi. Si mwana woipa, ndinene zoona, kungoti ali ndi mtima wa nkhuku. Koloko ya pakhonde inalira thwelofu, iye ali pomwepo. Inalira wani koloko, iye akupinda nsalu imene anali ataipinda kale.

"Iwe, nthawi ya mpunga yakwana. Kuttappan akumupatsa ndani?"

Manja ake anaima.

"Sajeevan ali ku ntchito. Iwe uli pano. Ndikufunsa kuti akumupatsa mpunga ndani?"

"Amayi, asing'anga anati musakwiye."

"Sindinakwiye. Ndikufunsa."

Anayamba kulira, ndipo zonse zinatuluka pamodzi ndi mamina. Anamutenga m'mawa wa tsiku lotsatira nditachoka. Anamuuza kuti akukaona ng'ombe, iye n'kukwera galimoto akuseka. Masiku anayi onsewo, pamene ine ndinkawerenga nthawi yake yosamba, munthuyo anali kumapiri pakati pa alendo.

"Ndiye munafuna kundiuza liti?"

"Mukatha kumwa mankhwala otsegula aja. Bambo ake a mwana anati ndulu ikatuluka mudzamvetsa. Anati n'kosatheka kukambirana nanu ndulu ili yodzadza."

Ndinaimirira. Kochuthresia anatsegula maso onse awiri, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Ndinatuluka pakhonde, ndinadutsa odwala amene anali pamzere, ndinakankha chitseko cha asing'anga osagogoda. Anali atagwira mkono wa bambo wina wokalamba, maso ali otsinzina.

"Iwe Chathu!"

Wokalambayo anabweza mkono wake.

"A Bhargavi, khalani pansi. Mawu okweza ndi oletsedwa."

"Unkadziwa?"

"Khalani pansi, chonde."

"Ndati unkadziwa kapena ayi?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Sajeevan anandiuza. Ine ndinamuyankha kuti za m'banja mwanu si zanga. Koma ndulu yanu ndi yeniyeni, sindinachite kupeka. Ndinaona kuti thupi likayera, mtima ukazizira, nkhaniyo mudzaiona ndi maso ena. Ambiri amatero."

"Ndiye iwe ndi mwana wangayo munapangana kuti mlongo wanga ndikamutayira kuchimbudzi tsiku la mankhwala otsegula? Kuti ndikatuluka m'menemo nditapepuka ndidzati, zikomo ana anga, mwandichotsera katundu?"

Pamzere wina anaseka, wina anamuletsa.

"Sindinanene choncho."

"Chibale ndi fupa, Chathu. Bambo ako sanakuphunzitse kuti fupa silituluka ndi mankhwala otsegula? Tsegula kabatiyo, ndipatse foni yanga."

Apa anasiya ulemu wa ku ntchito n'kuyankhula ngati mnzanga wa kalasi. "Bhargavi, tamvera. Ukwiye nane mmene ungafunire, koma usatuluke lero. Mafuta a masiku asanu ali m'thupi mwako. Zonse zimene zinali zitakhazikika zamatuka, zikuyendayenda, sizinafike m'mimba. Ukalowa mu mvula iyi, basi ikukugwedeza, mphepo ikukuwomba, zidzakhazikika pamene zafuna, ndipo zimakonda malo ofooka. Mawondo amenewo sudzawawongolanso. Dikira masiku asanu okha. Kuttappan sathawa."

"Amaopa mabingu. Ukudziwa zimenezo? Amafuna munthu amugwire kumsana. Unamva mabingu a dzana?"

"Masisitere aja ndi anthu abwino."

"Abwino kwa m'bale wako, osati wanga. Foni."

Anandipatsa. Ndinaimbira Sajeevan ndili pomwepo, anthu onse akumva. Anayankha mwansangala, "Amayi, akupatsani foni?" Zimene ndinamuuza sindingazibwereze zonse, zina zinali zokhudza mkaka umene ndinamuyamwitsa. Iye anangodikira mpaka ndinapuma, kenako anati, "Mukuona? N'chifukwa chake tinafuna muthe kaye mankhwala. Si inu amene mukuyankhula panopa." Ndinadula. Mwana wobala ndekha kundiuza kuti si ine amene ndikuyankhula! Nanga ndi ndani, mbuzi?

Ndikulongedza m'chipinda, Kochuthresia anatsika pabedi, zomwe zinamutengera nthawi. Anandipatsa ambulera yake yaikulu ndi fulasiki ya madzi ofunda.

"Malowo ndikuwadziwa, tchalitchi chathu chimapititsako mpunga. Mukatsika basi yachiwiri pa mlatho, mukwere njira ya m'munda wa mphira, muona mtanda woyera pageti. Musamwe za panjira. Ndipo mukasanza, musanzire kunja, makondakitala a njira imeneyo ndi amwano."

"Simundiletsa?"

"Ine? Ndikanakhala inu ndikanapita. Kungoti ndikanayamba ndagona kaye."

Sreekala anafuna kundiperekeza, ndinamuuza kuti apite kwa mwana wake, popeza ana ndiwo amasamalidwa m'nyumba mwathu.

Ulendowo sindiufunira ngakhale mdani wanga. Basi yoyamba inali yodzadza, mawindo otseka chifukwa cha mvula, munthu wina atanyamula nthochi zokazinga m'nyuzipepala. Fungo la mafuta aja litangondifika, neyi yense wa m'mawa anakwera kukhosi. Ndinakweza chotchinga cha pawindo n'kutulutsa mutu, mvula ikundimenya kumaso. Kondakitala anayamba, "Agogo, mukunyowetsa anthu," ndipo ndinamuyang'ana kamodzi kokha, anapita kutsogolo. Basi yachiwiri inkakwera mapiri mokhotakhota, ine thukuta lili kamukamu kwinaku ndikunjenjemera. Mawondo anayamba kutentha tisanafike pa mlatho. Sanachirenso mpaka lero, ndimayenda ndi ndodo. Chathu ananena zoona, ndipo zimenezonso zimandikwiyitsa.

Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkamuona Kuttappan atakhala pakona, ndevu zitamera, mbale ili patsogolo pake osaikhudza, akufunsa aliyense wodutsa kuti achemwali abwera liti. Ndinkaona mmene ndidzamugwirire dzanja n'kutuluka naye, ndi mmene ndidzamukhazikire pampando wa Sajeevan patebulo. Ndinakwera njira ya m'munda wa mphira ndikuima pa mtengo uliwonse wachitatu. Mmene ndinkafika pageti n'kuti ili cha m'ma folo koloko, mvula itachepako.

Anatsegula ndi sisitere wachikulire, wamfupi, atavala nsapato za mphira zazimuna.

"Ndabwera kudzatenga mlongo wanga, Kuttappan. Anamubweretsa kuno mwakuba."

"Ndinu achemwali ake? Amakutchulani tsiku lililonse. Lowani, mwanyowa, ndipo simukuoneka bwino. Kodi muli pa mankhwala? Mukununkha neyi."

"Za fungo langa zisiyeni. Ali kuti?"

"Amayi, ife sitimanga munthu. Akafuna kupita, apita lero lomwe. Ali kukhola."

"Kukhola! Mwamupeza wantchito waulere?"

Ananditsogolera kuseri kwa nyumba, kudutsa pakhonde pamene azibambo angapo ankasenda chinangwa. Tisanafike pakholapo ndinamva munthu akuimba. Sinali nyimbo yeniyeni, anali mawu atatu kapena anayi obwerezabwereza, koma mawu ake anali aakulu, osalala, ochokera pachifuwa. Ndinafunsa sisitere uja kuti akuimbayo ndani, ndipo anandiyang'ana modabwa. Zaka makumi atatu ndi zinayi m'nyumba imodzi, ine osadziwa kuti mlongo wanga amaimba.

Anali atatifulatira, akupesa ng'ombe yofiira ndi burashi. Ndevu anali atametedwa bwino, kuposa mmene ndimametera ine.

"Kuttappan!"

Nyimbo inaduka. Mapewa ake anakwera mpaka m'makutu, burashi inagwa. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Achemwali."

"Taona mmene wanyowera! Ndani wakuuza kuti uime pamatope wopanda nsapato? Katenge zovala zako, tiye kwathu. Fulumira, basi yomaliza itisiya!"

Sanasunthe. Anaika dzanja pamsana pa ng'ombeyo.

"Ukundimva? Ndati tiye!"

"Achemwali, musakuwe. Ichita mantha."

"Ine ndayenda ulendo wonsewu ndikusanza, ndasiya mankhwala panjira chifukwa cha iwe, ndiye ukundiuza za ng'ombe? Anakunamiza, wamva? Sajeevan anakunamiza. Anakutaya kuno."

"Anati tikukaona ng'ombe. Ng'ombe zilipo. Zinayi."

Sisitere uja anabwerera m'mbuyo n'kukaima patali. Ndinayesa kutsitsa mawu, koma anatuluka mmene amatulukira nthawi zonse.

"Kwanu ndi kuti, iwe? Mayi anakusiya m'manja mwa ndani?"

"Mwa achemwali."

"Ndiye tiye."

Anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukumba matope. Akafuna kunena chinthu chachitali amayamba wachikonza m'kamwa, milomo ikuyenda popanda mawu, ndipo kunyumba sindinkadikira kuti amalize, ndinkamumalizira ndine. Tsiku limenelo mpweya unandithera, ndiye ndinadikira.

"Dzulo ndinataya mkaka," anatero. "Ndowa yonse. Ndinadikira. Palibe anakuwa. Ndinadikiranso. Asisitere anati, katenge chikolopa." Anakweza maso. "Kuno sakuwa, achemwali."

"Ine ndimakuwa chifukwa ndimakufunira zabwino!"

Ng'ombe inadzidzimuka n'kukoka chingwe. Iye anaigwira pakhosi n'kumaisisita, akuiuza motsitsa kuti, "Basi, basi, sakumenya, amangokuwa." Ndinazindikira kuti mawu amenewo sanawaphunzire kumapiri kuno. Anali mawu akale, osalala chifukwa chonenedwa kawirikawiri, ndipo asanapeze ng'ombe yowauza ayenera kuti ankadziuza yekha.

Ndinakhala pa ndowa imene inali yovundikira pafupi ndi khomo la khola. Mkwiyo unali pomwepo, wonse, sunapite kulikonse. Ndinakwiyira Sajeevan, amene anachita zimenezi chifukwa cha mantha ake osati chifukwa chomvera chisoni amalume ake, ndipo sindinamukhululukire. Ndinakwiyira Chathu ndi zala zake zitatu. Ndinakwiyira mayi anga, amene anandipatsa munthu n'kufa osandiuza kuti ndizimulankhula bwanji. Koma amene ndinafuna kwenikweni kumukalipira anali atakhala pa ndowa, ndipo ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire.

"Mabingu a dzana," ndinatero. "Anakugwira ndani?"

"Ndinalira. Ndinaitana achemwali."

"Ndiye bwanji?"

"Simunabwere. Ndinagwira pilo."

"Ukabwera kwathu ndizikugwira."

Anaganiza nthawi yaitali, milomo ikuyenda. "Mabingu amabwera nthawi zina," anatero. "Kukuwa ndi tsiku lililonse."

Sananene mwamwano. Sadziwa mwano. Ananena ngati mmene amanenera kuti mbuzi yadya kapena mvula yayamba. Kenako anatola burashi yake, anaipukuta pa nsalu, n'kuima akundiyang'ana, kudikira kuti aone ngati ndiyambenso.

"Sukufuna kubwera," ndinatero.

"Ndikufuna kukhala. Koma achemwali azibwera. Lamlungu kumabwera alendo, amatipatsa tiyi ndi nthochi. Ndikusungirani yanga." Anasendera pafupi pang'ono, osati kwambiri. "Mubwera Lamlungu?"

"Ndibwera," ndinayankha, motsitsa kwambiri mwakuti sanamve, ndipo anachita kuwerama n'kundifunsanso.